Musanaike ma spacer pa galimoto, werengani mazinga

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi eni magalimoto komanso amakaniko anzanga pa nkhani ya ma spacer, zitsulo zozungulira zija zimene zimalowetsedwa pakati pa habu (chitsulo chimene tayala limamangidwapo) ndi rimu kuti tayala litulukire kunja. Ena amaika kuti galimoto ioneke yotambalala miyendo, ena n'chifukwa choti rimu imene agula ikukhula pa caliper, chitsulo chija chofinya disiki ya mabuleki. Zifukwa zonsezi n'zomveka. Koma tayala likathothoka galimoto ili pa liwiro, kawirikawiri mlandu sukhala wa spacer yeniyeniyo. Umakhala wa nati imene inangogwira mazinga anayi kapena asanu, womangayo n'kunena kuti zatheka.

Ambiri amaganiza kuti galimoto imalendewera pa ma stud, mabawuti aja otuluka pa habu amene timamangapo manati a tayala, ngati jekete pa msomali. Sizili choncho. Nati ikamangidwa bwino, stud imatamuka pang'ono ngati sipuling'i n'kufinyira rimu pa habu mwamphamvu, ndipo kufinyana kwa zitsulo ziwirizo ndi kumene kumanyamula katundu yense. Kufinyako kukachepa, rimu imayamba kugwedera mosaoneka, stud n'kumapindikira uku ndi uku nthawi iliyonse tayala likazungulira, mpaka imaduka monga amadukira waya ukamupinda kambirimbiri. Imodzi ikaduka, zinzakezo sizichedwa.

Tsono spacer ya 5 mm imadya 5 mm pa utali wa stud. Lamulo limene amakaniko amatsata ndi lakuti nati igwire mazinga otalika mofanana ndi kunenepa kwa stud, osachepera apo. Pa stud ya M12x1.5 (yonenepa 12 mm, mazinga ake otalikirana 1.5 mm), imene ili pa magalimoto ambiri a Toyota, Honda, Mazda ndi Mitsubishi, ndiye kuti nati izungulire maulendo 8 athunthu. Pa M12x1.25 ya Nissan, Subaru ndi Suzuki, mazinga ake ndi ang'onoang'ono, choncho pamafunika maulendo 10. Kuyeza kwake sikufuna chida: ikani spacer ndi rimu, lembani kamzere pa nati ndi choko, muimange ndi dzanja uku mukuwerenga mpaka itakhudza rimu. Mukapeza 5 kapena 6, musakambirane nazo, ma stud amenewo afupika. Ndipo mitundu iwiri ya mazingayi isasakanizidwe. Nati ya 1.5 imayamba kulowa pa stud ya 1.25 ngati zili bwino, kenako imalimba msanga, ndipo woikakamiza ndi sipanala amakhala wapha mazinga onse.

Pogula ma stud aatali, utali wowonjezerawo ufanane ndi kukhuthala kwa spacer, ndipo chitsulo chake chikhale cha giredi 10.9 kapena kuposa. Chimene anthu amaiwala ndi timano tija tili pansi pa mutu wa stud, timene timaluma m'bowo la habu kuti stud isazungulire. Kunenepa kwa malo amenewa kumasiyana ngakhale mazinga atafanana: pa Toyota zambiri ndi pafupifupi 14.2 mm pamene pa Honda ndi pafupifupi 12.3 mm. Chotsani stud imodzi yakale, muiyeze ndi vernier (chida choyezera kunenepa kwa zitsulo), mugule yofanana nayo. Yocheperapo idzazungulira limodzi ndi nati tsiku limene tayala laphwa panjira, ndipo yokulirapo ikhoza kung'amba bowo la habu.

Posintha, galimoto ikhale pa ma stand, osati pa jeke yokha. Masulani caliper muipachike ndi waya kuti isalendewere pa paipi ya mabuleki, chotsani disiki, ndiye mukankhe stud yakale ndi chida chofinyira ngati chija chochotsera ma ball joint. Ndikudziwa kuti ambiri amangoimenya ndi hamala n'kutuluka, koma nkhonya iliyonse imakathera mu bearing, ndipo pakapita miyezi ingapo mwini galimoto amayamba kumva kulira kumene sakudziwa kochokera. Stud yatsopano ilowe kuchokera kumbuyo. Ngati palibe puresi, ikani mawashala okhuthala angapo kutsogolo ndi nati yoboola mbali zonse, mbali yake yosalala itayang'ana mawashala, n'kumanga pang'onopang'ono ndi dzanja. Mukatha, unikani kumbuyo ndi tochi: mutu wa stud ugone pa habu popanda mpata ngakhale woti pepala n'kulowa. Stud yosakhazikika imadzamaliza yokha kulowa galimoto ikuyenda, ndipo nati imene munaimanga bwinobwino imapezeka yamasuka. Nati imene mwakokera ma stud itayeni, isabwerere pa tayala. Pa magalimoto ena stud yaitali silowa pokhapokha habu itachotsedwa. Musapale mutu wake ndi grinder pofuna kuilowetsa.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale odziwa ntchito. Manati ambiri a marimu okongoletsa ndi otseka kumutu. Stud ikatalika mopitirira, nsonga yake imakagunda kudenga la nati isanafinye rimu. Torque wrench, sipanala ija yoyeza kulimba kwa nati, imalira kuti "tha", womanga n'kukhutira, chonsecho rimu ili lendelende. Stud yaitali imafuna nati yoboola kapena yakuya mokwanira. Onaninso pokhalira nati: pali posongoka pa madigiri 60, pali pobulungira ngati pa marimu a fakitale a Honda ndi Volkswagen, komanso pafulati pokhala ndi washala ngati pa marimu ambiri a aluminiyamu a Toyota. Nati yosagwirizana ndi rimu imangokhudza pa kamzere kochepa n'kumadya chitsulocho.

Magalimoto ngati Volkswagen, BMW ndi Mercedes-Benz alibe ma stud, amamangidwa ndi mabawuti. Apo mabawutiwo atalike ndi muyezo wa spacer ndendende. Otalikitsa amakagunda zitsulo za handibuleki m'kati, choncho mukamanga zungulitsani tayala ndi dzanja mumvetsere.

Kunena za spacer yeniyeniyo, pewani zija zamabowo ambirimbiri otambalala zimene amati zimakwana pa galimoto iliyonse. Yabwino imasemedwa ku aluminiyamu wolimba ngati 6061-T6, mabowo ake amagwirizana ndi galimoto yanu yokha, kaya ndi 4x100 (mabowo anayi pa mzere wozungulira wa 100 mm m'mimba mwake), 5x114.3 kapena 6x139.7 ya Hilux, ndipo bowo lapakati limakhala thina pa mlomo wa habu. Mlomo umenewu ndi umene umaika rimu pakatikati. Pa Toyota zambiri za 5x114.3 ndi 60.1 mm, pa Nissan zambiri 66.1 mm, pa Volkswagen 57.1 mm. Spacer yopyapyala ya 3 kapena 5 mm imasiyako mlomo woti rimu ikhalepo, koma yokhuthala imaumeza wonse, choncho iyenera kukhala ndi mlomo wakewake kutsogolo. Popanda zimenezi chiwongolero chimanjenjemera pa liwiro lalikulu, ndipo mungabalansitse matayala kangati konse, sikusiya. Kusanjikiza ma spacer awiri kuti akwane muyezo ndiye ayi ndithu.

Kuyambira cha pa 20 kapena 25 mm pamagwiritsidwa ntchito mtundu wina, umene umamangidwa pa ma stud a galimoto ndi manati akeake, iwo n'kukhala ndi ma stud ena omangirapo rimu. Apa chenjerani ndi nsonga za ma stud akale. Zikatulukira kupitirira nkhope ya spacer, ziyenera kulowa m'timaenje ta kumbuyo kwa rimu. Marimu ena alibe timaenjeti, ndiye rimu imakhala pa nsongazo m'malo mogona pa spacer. Pakani choko pa nsongazo, yesani rimu, muone ngati chokocho chadinda kumbuyo kwake. Kumbukiraninso kuti manati am'katiwo saoneka tayala likamangidwa, ndipo kuwayeza kumafuna kuchotsa tayala.

Musanaike chilichonse, palani dzimbiri pa nkhope ya habu ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, ndipo muchotse timawashala tija ta fakitale togwira disiki pa stud ngati tilipo. Kachibulumwa ka dzimbiri kamaphwanyika pakapita masiku n'kusiya mpata, kufinya kuja n'kutha. Pa mazinga pasapakidwe oilo kapena girisi, chifukwa muyezo wa fakitale ndi wa mazinga ouma, ndipo oterera amachititsa kuti stud itamuke mopyola. Mangani modumphadumpha ngati nyenyezi, kaye pang'ono, kenako mokwanira ndi torque wrench pa muyezo wa m'buku la galimotoyo. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota amafuna 103 Nm, a Honda 108 Nm, a Volkswagen 120 Nm. Mfuti ya mpweya ndi yomasulira, ndipo kuponda sipanala ndi phazi si muyezo.

Ngakhale zonse zitamangidwa bwino, spacer imasintha galimoto. Rimu ya ET45 (ET ndi mtunda wa mamilimita kuchokera pakatikati pa rimu kufika pamene imagona pa habu) pa spacer ya 20 mm imakhala ngati ya ET25. Katundu amatalikira bearing n'kuifooketsa msanga, chiwongolero chimamva mabampu kwambiri, ndipo tayala likhoza kukhula madigadi. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, muyesenso galimoto itanyamula katundu. Mbali ziwiri za ekiselo imodzi zikhale ndi ma spacer ofanana. M'mayiko ambiri tayala lotulukira kunja kwa bodi sililoledwa pamsewu, ndipo a inshuwalansi amafuna kuuzidwa za kusintha kotere.

Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, bwerezani kuyeza manati onse ndi torque wrench, kuphatikizapo am'kati aja. Pambuyo pake muziyang'ana mozungulira manati mukamatsuka galimoto. Timizere ta dzimbiri tochoka pa nati kulowera kunja, kapena fumbi lakuda la aluminiyamu m'mabowo a rimu, zikutanthauza kuti rimu yayamba kale kugwedera, ndipo galimotoyo isayende mpaka tayala litachotsedwa n'kuona ma stud onse.

Ine wanu,
Makaniko wa magalimoto