Aprotestanti tisaope kugawana malo ndi ena

A Mkonzi,

Sindikugwirizana nawo omwe akudandaula kuti Aprotestanti tikutaya ulemu chifukwa choti azipembedzo zina achuluka. Ine ndine mkulu wampingo koma zimandipweteka kuona pamiting'i ya makolo kusukulu pemphero lotsegulira ndi lotsekera lomwe akungopatsa abusa athu basi, chonsecho Asilamu, Akatolika ngakhale osapemphera ali pompo ndipo ana awonso amaphunzira pomwepo.

Kodi tayiwala kuti dzina lathuli linachokera pamsonkhano wa mumzinda wa Speyer ku Germany mu 1529, pomwe otsatira Martin Luther, ali ochepa, anakana zoti ambiri aziwasankhira chikhulupiriro? Ndiye lero ifeyo tizipanikiza anzathu?

Makomiti asinthe, mapemphero tizisinthana, apo ayi aliyense azipemphera chamumtima kwa mphindi imodzi.

Mkulu wampingo wokhudzidwa