Ndine loya wa kampani ya njanji, chigayo cha amalume chili m'malire

Zikomo Agogo,

Ndine mayi wa zaka 29, kwathu ndi ku Balaka, kufupi ndi Nkaya pomwe njanji imagawikana, ina kulowera ku Salima, ina ku Liwonde mpaka kukatulukira ku Nayuchi. Zamalamulo ndinaphunzira ku Chanco, ndipo pano ndine loya wa kampani ina ya zanjanji. Dzina lake mundilole ndisatchule.

Anthu akamva za loya amaganiza za mkanjo wakuda ndi kukangana m'khoti. Ntchito yangayi si yotero kwenikweni. Masiku ambiri ndimakhala padesiki, kuwerenga makontirakiti a ofuna kunyamulitsa feteleza kapena mafuta, kuyankha a inshulansi galimoto ikawombedwa ndi sitima podutsa njanji, kutsatira milandu ya anthu oba zitsulo ndi mabawuti, mwa apo ndi apo kupita ku Industrial Relations Court wantchito akadandaula kuti wachotsedwa mosatsata malamulo. Ndiye pali nkhani za malo, zomwe sizitha. Chiyambireni masitima ataliatali a malasha kuchoka ku Moatize ku Mozambique kudutsa m'dziko muno kupita kudoko la Nacala, ulendo wa makilomita 912, zomanga m'malire a njanji, malo a m'mbali mwake omwe salola kumangapo, sazitenganso mwachibwana. Sitima yolemera chotero siima ngati minibasi. Woyendetsa akaona mwana kutsogolo, mabuleki amakagwira zonse zitatha kale. Zithunzi za ngozi zotere ndimaziona m'mafayilo, choncho sindinganame kuti malirewo alibe chifukwa.

Mwezi wathawu padesiki panga panafika mndandanda wa anthu oyenera kulandira makalata owauza kuti achotse zomwe anamanga m'malire. Dzina lachinayi linali la amalume anga.

Agogo, bambo anga anamwalira ndili sitandade 6. Anandilera ndi amalumewa, achimwene awo a mayi, omwenso ndi eni mbumba kwathu. Ali ndi chigayo ndi kagolosale pafupi ndi njanji. Fizi ya kusekondale, ndalama ya basi yopitira ku Zomba, ngakhale suti yomwe ndinavala tsiku londivomereza kukhala loya, zonse zinachokera m'chigayo chimenecho komanso m'thonje lomwe ankalima. Chaka chomwe thonje linagwa mtengo anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ndisasiye sukulu.

Nditaona dzinalo ndinapita kwa bwana wanga n'kuwauza kuti ameneyu ndi mbale wanga, fayiloyi sindingaigwire. Ndi momwe lamulo la ntchito yathu limanenera: loya sayimira mbali imodzi mtima uli mbali ina. Bwana anamvetsa, fayilo anapatsa mnzanga. Pofuna kundilimbitsa mtima anandiuza kuti ngakhale Abraham Lincoln, asanakhale pulezidenti wa America mu 1861, ankayimira kampani ya njanji ya Illinois Central m'makhoti. Ndinangoseka mwaulemu. Lincoln amalume ake sankagaya chimanga ku Nkaya.

Loweruka lapitali anandiyitanitsa kumudzi. Ndinapeza mphasa zayalidwa kale pansi pa mtengo wa mango, mayi, azakhali ndi anyakwawa ali phee. Amalume anatulutsa kalata ija m'kajumbo ka shuga momwe amasungamo makadi a kuchipatala, anaiwongola pabondo, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akupatsa mlendo. Anati malowo anawapatsa makolo awo ndi amfumu njanji ya ku Nayuchi isanabwere mu 1970, ndipo njanjiyo ndiyo inawapeza. Pepala lililonse alibe, monga zilili ndi malo ambiri a makolo. Umboni wawo ndi manda a agogo ndi mitengo yomwe anadzala okha.

Zomwe akufuna kwa ine ndi ziwiri. Choyamba, ndichotse dzina lawo pamndandanda, kapena fayiloyo isowe. Chachiwiri, ngati izo zakanika, ndiziwauza zomwe akukambirana kuofesi kuti adziwe poponda. Zonsezi ndikachita, nkhani ikafika ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ndikhoza kulandidwa chiphaso, zaka zonse za sukulu zija n'kupita m'madzi. Ndinayesa kufotokoza. Ndinati nkhani yawo si yofooka ayi: ngati angasonyeze kuti anakhalapo malire asanadulidwe, khoti likhoza kumva za chipukuta misozi, ndipo ku Legal Aid Bureau ku Zomba kuli maloya a boma othandiza anthu osakwanitsa kulipira. Azakhali anandidula pakamwa. Anati tinaphunzitsa loya wathuwathu, lero tikafole pamzere kwa eni ake?

Mawu amenewo akundisowetsa tulo, chifukwa mbali ina akunena zoona. Kumudzi saphunzitsa mwana kuti akakhale wa kampani. Amaphunzitsa kuti tsiku la mavuto pakhale wowayankhulira. Tsikulo lafika, ine ndili tsidya linalo. Chondipweteka china n'chakuti pamndandandapo pali mayina a anthu ena a m'mudzi momwemo, ena amasiye, omwe alibe mwana wa sukulu. Nditati ndapulumutsa amalume okha mwakabisira, ndidzayenda bwanji pamaliro?

Kuchokera tsiku limenelo mayi sakuyankha foni yanga. Ndalama ya mankhwala awo a BP yomwe ndinatumiza pafoni anatapa, koma osanena kanthu. Mchemwali wanga wamng'ono, yemwe ndikumulipirira fizi ku sekondale, ndi amene amandiuza kuti m'mudzi akuti ndagulitsa amalume chifukwa cha galimoto ya kuntchito.

Ndaganizapo zosiya ntchito kuti ndikawayimire ndekha, koma ngakhale nditasiya, malamulo sangandilole kulimbana ndi kampani pankhani yomwe ndinaonako mapepala ake. Ndipo fizi ya mwanayo alipira ndani? Ndaganizanso zotenga ngongole kubanki kuti ndiwagulire malo ena pamsika ndi kusamutsa chigayo, n'kulipiranso loya wina wapadera. Mnzanga wina akuti ndikatero amalume adzaona ngati ndikuwatseka pakamwa ndi ndalama, chifukwa kwa iwo nkhani si chigayo chokha, ndi nthaka ya makolo.

Ndithandizeni Agogo. Ndipite ndi ndani kwa amalume kuti andimvere, abusa kapena agulupu? Ndipo nkhani ya ngongoleyi ndiitchule pano, kapena ndidikire mtima wawo uyambe watsika?

Ine mdzukulu wanu wothedwa nzeru,
Limbe