Kwa achemwali, mumuwerengere mwanayo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine kuno ku South Bend ndili bwino, kungoti kwayamba kale kuzizira. Ndalama ya kuchipatala ndatumiza Lachisanu pa foni ya alamu.

Chimvereni za ngozi ya kuchigayo ija, yomwe inamudula mwanayo chala, tulo tikundivuta. Mwati mwana wathuyo akukana sukulu, dzanja akungolibisa m'thumba. Mumukhazike pansi, mumuwerengere mawu a malume akewa.

Mnzanga wa kufakitale anapita nane ku bwalo la masewero la Four Winds Field kukaonera baseball, masewero omwe wina amaponya kampira kolimba, kakakulu ngati lalanje, wina n'kumakamenya ndi chibonga. Pobwerera ndinamuuza za mwanayo. Anakhala chete, kenako anandisimbira za Mordecai Brown, katswiri wakale woponya mpira pa baseball.

Brown anabadwa mu 1876 ku Nyesville, kamudzi ka konkuno ku Indiana. Ali mwana, makina odulira chakudya cha ziweto anamudula chala chamkombaphala cha kumanja. Bala lisanapole anagwa, zala zina n'kuthyoka, chapakati n'kupola chokhota. Ndi dzanja lomwelo ankagenda miyala pa khoma la khola, kulunjika pa timabowo ta matabwa. Atakula analowa mumgodi wa malasha, mpira akusewera ndi anzake a kumgodiko.

Tsono imvani apa, achemwali. Zala zopindikazo zinkazungulitsa mpira mwachilendo. Unkabwera ngati wolunjika, pofika pafupi n'kutsika mwadzidzidzi, womenya n'kumenya mphepo. Mu ligi yaikulu analowa mochedwa, mu 1903 ku St. Louis, ali ndi zaka 26, ndipo chaka chotsatira anapita ku timu ya Chicago Cubs. Kuyambira 1906 mpaka 1911 sanaphonye chaka osapambana masewero 20 kapena kuposa. Cubs inatenga chikho cha World Series mu 1907 ndi 1908 iye ali mzati, ndipo sinadzachitengenso mpaka 2016. Onse pamodzi anapambana masewero 239. Anthu ankamutcha "Three Finger", kutanthauza wa zala zitatu, dzina lotchula chilema chake chomwecho, koma akalitchula omenya mpira ankada nkhawa.

Ndinafuna chithunzi cha dzanjalo pa foni, ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Analitambasula yekha kwa wojambula, chitsa cha chala chili poyera.

Sindikunama kuti chala chidzamera, komanso sindikuti mwanayo adzatchuka. Chomwe chikundiwawa n'choti wayamba kulitaya dzanja lisanamukane. Bala likapola mumupatse cholembera, ngakhale zilembo zituluke zokhota, mumutume kotunga madzi monga kale. Musamamuchitire zonse chifukwa cha chisoni, ndipo a kuchipatala akamuuza zolimbitsa zala azichita tsiku lililonse.

Ndamugulira kampira ka baseball, ka zisoko zofiira. Pali wina akubwera kumudzi mu Disembala, ndimupatsira. Akalandira andiimbire yekha, andiuze momwe akukagwirira.

Moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala a miyendo sindinaiwale.

Ndine mlongo wanu.