Kachigaza ka m'bokosi la machesi

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Luton, ku England kuja, ngakhale kuzizira kukukusautsa. Kuno ku Zomba mvula yayamba, ndipo tonse tili bwino.

Usandiseke, ndakulembera chifukwa cha chigaza. Sabata yatha tikusesa m'kalasi yakale ija tinapeza masanzi a kadzidzi, timibulu ta ubweya ndi mafupa. Ana anathawira panja, paja ukudziwa mmene timaiopera mbalameyi. Ine ndinaphwanya kamodzi n'kupezamo kachigaza kochepa kuposa chala chachikulu. Nditawerenga mano a m'tsaya ndinapeza anayi mbali iliyonse, pomwe khoswe ali ndi atatu. Kanali kadyamlamu, ka mchira wa ubweya ngati wa gologolo kaja.

Koma wa mtundu uti? Pamenepo mpomwe pavuta. Akadyamlamu a kuno ku Africa, a gulu la Graphiurus, amafanana kwambiri ubweya, moti akatswiri amadalira chigaza: amayeza kutalika kwa mzere wa mano ndi kukula kwa kafupa kotupa ka pakhutu. Wina wokhala m'matanthwe a ku Zimbabwe ndi South Africa, Graphiurus platyops, chigaza chake n'chaphwatalala, choyenera wolowa m'ming'alu. Ndiye pali wathuwathu, yemwe anagwidwa konkuno ku Zomba. Katswiri wa zinyama wa ku England, Oldfield Thomas, anamufotokoza mu 1898 n'kumutcha Graphiurus johnstoni, dzina la Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno. Chimandiwawa n'chakuti kanyama koyambako, kamene Thomas anafotokoza, kali ku London, ndipo ine wa pa Zomba pano ndilibe choyerekezera nacho.

Kwanuko muli nawo abale ake aakulu. Pafupi nawe, ku Tring, katswiri wina wa zinyama, Walter Rothschild, anabweretsa Glis glis wochokera ku maiko ena a ku Ulaya mu 1902, ndipo lero amasowetsa anthu tulo m'madenga. Amenewa Aroma ankawanenepetsa m'mitsuko n'kudya, ndiye asamatinene ife a mbewa!

Chonde, tsiku lina Loweruka ukwere basi upite ku nyumba yoonetsera zinyama zakufa ndi mafupa ake ya ku Tring. Ukapeza chigaza cha kadyamlamu undijambulire, mano akuoneka bwino, kandalama kachitsulo kali pambali kuti ndidziwe kukula kwake. Changachi ndachisunga m'bokosi la machesi pamwamba pa kabati. Mayi a kunyumba sakuchifuna m'nyumba muno, ndiye usachedwe.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzako wa ku Zomba