Kalata yochokera ku Amritsar, ku India

Aise,

Kalata yako ndalandira. Zoti ndanenepa ngati mwini sitolo wa ku Limbe ndi bodza la Anaphiri, pachithunzi chija ndinavala majuzi atatu. Kuno mu Januwale kumazizira moti ku Dedza n'kocheza, chifunga mpaka masana.

Loweruka tinapita ku Attari, pamalire ndi Pakistan, kukaona asilikali akutsitsa mbendera. Mwambowu unayamba mu 1959. Amaponda pansi mwaukali, mwendo mpaka kumutu, kutuzulirana maso ngati atambala. Koma ukaponya maso tsidya linalo, nkhope zomwezo, malaya aatali omwewo, ng'oma yomweyo ya dhol. Kuchoka kuno kukafika ku Lahore, mzinda wa ku Pakistan, ndi makilomita pafupifupi 50 basi. Chipunjabi n'chimodzi, kungoti kuno amalemba m'zilembo za Gurmukhi, uko za Shahmukhi. Malirewo anawadula mu 1947, moti Guru Nanak, amene anayambitsa chipembedzo cha Asikh, kwawo kobadwira, ku Nankana Sahib, lero ndi ku Pakistan. Ndinakumbuka tikuwoloka pa Mwami kupita ku Kulamba, amalume ako akukalipira wa pachipata kuti kwa Gawa Undi munthu sapita ndi pasipoti.

Mnzanga wa m'chipinda akangomva za mpunga wa basmati, magazi amawira. India inapempha European Union mu 2018 kuti dzinalo likhale lake, Pakistan n'kukana. Ndinamuuza kuti ife Kilombero timalima ku Karonga, dzina lili la ku Tanzania, ndipo timangodya. Sanaseke.

Koma vuto langa ndi ufa. Nyengo ino mbali zonse ziwiri amadya mpiru, amati sarson da saag, wophika mpaka kusanduka phala, ndi mkate wopyapyala wa chimanga, makki di roti. Nditaona mpiru misozi inalengeza. Ndinagula ufa wawowo, wachikasu, n'kuvundula ndi supuni poti mthiko ndilibe. Nsima yake inatuluka ngati ija ya chaka cha njala. Ndinadya chitseko chili chotseka. Ufa woyera umene amayi anandilongedzera watsala makapu awiri, ndimausuzumira usiku ngati ndalama. Ukatha umenewo, sukulu yathanso, ndikubwerera.

Mayeso ndinakhoza. Za maliro a agogo a kwa Kamwendo ndinamva ataikidwa kale. Usiku umenewo sindinagone.

Uwauze alamu kuti akamva za munthu wobwera kuno ampatsire mthiko, ngakhale wakale. Zala zauma ndi kuzizira. Koma za ngongole ija, usaganize kuti poti ndili kutali ndiye ndaiwala.