Aphunzitsi a pulayiveti tisiye kubisirana manotsi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yathuyi ndilankhuleko ndi aphunzitsi anzanga a m'masukulu a pulayiveti, mabwana athu eni masukuluwa, komanso a ISAMA omwe ndi bungwe la masukulu oyima paokha. Nkhani yanga ndi ya kusulana kwa aphunzitsi amene tili kale pa ntchito, zija amati CPD zija, chifukwa kuno kwathu ku pulayiveti nkhani imeneyi imangomveka ngati ya eni ake a boma basi.

Anzathu a boma bola ali ndi poyambira. Ku pulayimale kuli mazoni, zoni ili ndi a PEA ake, alangizi a maphunziro a pulayimale, ndi TDC yake, malo osulirako aphunzitsi, ndipo aphunzitsi amakumana kumeneko. Ku sekondale kuli makilasita, timagulu ta masukulu oyandikana, ndipo a masamu ndi sayansi akhala ndi SMASSE, pulogalamu yosula aphunzitsi a maphunziro amenewa, imene inayamba mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan. Sindikuti kumeneko zonse zili myaa, nawonso amadandaula zawo, koma ife nanga? Munthu amachoka ku koleji, kapena nthawi zina angokhala ndi MSCE ya mapointi abwino basi, amupatsa choko, silabasi ndi kalasi yodzadza mpaka pakhomo nkumuuza kuti tikufuna ana akhoze, ndiye zaka zimatha palibe olo munthu mmodzi amene anakhalapo kumbuyo kwa kalasi yake kumuonerera nkumuuza kuti apa mwachita bwino apa ana munawasiya m'mbuyo, kupatula a dayilekita akamasuzumira pa windo kuona ngati ana ali chete. Kukhala chete kwa ana si kumva ayi, ena amakhala akuganiza za chiwaya cha pa buleki.

Koma vuto lenileni sikuti ndi kusowa kwa ndalama kapena akatswiri. Vuto ndi ife tomwe, timabisirana. Masukulu awiri ali msewu umodzi, ana ake amakwera minibasi imodzi, koma aphunzitsi ake a bayoloje sanakhalepo pansi limodzi chifukwa eti ndi opikisana nawo. Zotsatira za MANEB zikangotuluka aliyense amathamangira kukasindikiza chinsalu chopachika pa geti ndi kuponya pa Facebook kuti kwathu kuno onse akhoza, ndiye manotsi, mapasipepa ndi kapamfuleti kalikonse kamasanduka chinsinsi ngati mayi wa mandazi amene safuna mnzake adziwe chimene amathira mu ufa. Mu sitafu rumu momwemo zilipo, wa Fomu 4 sangapatse wa Fomu 3 manotsi ake chifukwa ndi omwe amadyera pa makalasi a patitaimu Loweruka. Nde wovutika ndi mwana, amafika Fomu 4 maziko ali ogumuka.

Chimene ndikupempha ine si wekishopu. Tonse tikuwadziwa mawekishopu a kunyanja aja, munthu wa tayi kutsogolo ndi kompyuta yake, fanta ndi samusa teni koloko, anthu maso ali pa pepala losayinira alawansi, Lolemba aliyense wabwerera kukalembetsa manotsi omwe aja a zaka khumi zapitazo. Ndikunena zoti aphunzitsi tokhatokha tiziphunzitsana, pa sukulu, ana enieni ali pompo.

Ndikupatseni chitsanzo. Mnzanga wina wa pa sukulu yoyandikana nafe, kasukulu kopanda labu nkomwe, anandiitana kuti ndikaone mmene amaphunzitsira za ma asidi ndi ma besi. Sanadandaule zoti alibe litimasi, timapepala toyesera ngati chinthu ndi asidi kapena besi. Anawiritsa chidede nkusefa madzi ake ofiira aja, anabwera ndi mandimu, viniga, soda wophikira therere ndi chidulo chimene anachezetsa kunyumba, timabotolo ta pulasitiki todula pakati ndiwo anali matesiti chubu ake. Ana anadontheza okha, m'mandimu madzi akufiira kuti psuu, mu chidulo akusanduka obiriwira moderako, ndiye mtsikana wina wa kumbuyo amene amati sayankhula m'kalasi anafunsa kuti ndiye kuti amayi akamathira chidulo m'ndiwo akuthira besi eti? Kalasi yonse phokoso, kukangana, wina akuti nanga bwemba, wina akuti tiyese sopo. Mnzangayo sanayankhe msanga, anangowapatsa botolo lina kuti yesani muone. Zimenezi ku koleji amatiuza, dzina lake TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, timalemba pa mayeso nkukhoza, koma kuziona ndi maso munthu akuchita ndi ana ndi nkhani ina. Titatuluka tinakhala pansi pa mtengo mwina theka la ola, ine nkumuuzako kuti gulu la pakona lija silinalembe kalikonse chifukwa botolo linali ndi mnyamata mmodzi yekha, iye kutsogolo sanazione zimenezo. Tonse awiri tinapindula ndipo palibe anasayinira kalikonse.

Zimenezi si zachilendo. Ku Japan aphunzitsi akhala akuchita kwa zaka zoposa 100, amakonza phunziro limodzi pagulu, mmodzi amaliphunzitsa, enawo amakhala m'mbali kuyang'ana ana osati kusaka zolakwa za mphunzitsi, kenako amakambirana, kulikonzanso nkukaliphunzitsanso kalasi ina. Anzathu a ku Zambia anaiyamba njira yomweyi mu 2005 ku Central Province, kenako inafalikira zigawo zina. Mfundo yoyang'ana ana ija ndiyofunika kwambiri kwa ife, chifukwa ku pulayiveti munthu akangolowa m'kalasi mwako ndi kope mtima umagunda kuti basi ntchito yatha, poti ambiri tilibe ndi kontirakiti yomwe. Ndiye eni sukulu chonde, zimene aphunzitsi aonererana zisamafike pa tebulo lanu ngati umboni wochotsera munthu kapena kumudula malipiro. Mukangotero kamodzi palibe adzatsegulenso chitseko.

Ahedi nawo ndiye ali pa moto kuposa ife, kungoti sanena. Hedi wa pulayiveti ali pakati, uku mwini sukulu akufuna fizi ilowe, uku makolo akuti mwana wanga musamubweze tilipira kumapeto a mwezi, uku aphunzitsi akufunsa za malipiro, ndipo ambiri anangokwezedwa chifukwa ankakhozetsa bwino Chingerezi, palibe anawaphunzitsapo kuyendetsa sukulu. Mtsikana akapezeka ndi mimba atani, poti ndondomeko yolola kuti abwerere ku sukulu akabereka ilipo kuyambira 1993 koma masukulu ena amangochotsa mwakachetechete kuopa kuipitsa dzina. Mphunzitsi akamenya mwana atani. Kalembera wa mayeso ku MANEB, taimutebulo, nkhani ya kulembetsa aphunzitsi ku Teachers Council of Malawi imene inabwera ndi lamulo la maphunziro la 2013, zonsezi hedi aliyense amalimbana nazo yekhayekha mu ofesi mwake pamene mnzake wa kuseri kwa msika anadutsamo kale chaka chatha ndipo akanangomuuza pa mphindi zisanu. Tikumbukenso 2020, masukulu atatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid, fizi inaima, aphunzitsi ambiri a pulayiveti anakhala miyezi osalandira, ena anapita kukagulitsa makala ndi kaunjika osabwereranso, ndipo sukulu iliyonse inkangodzionera yokha njira. Ahedi akanakhala ndi chizolowezi chokumana bwenzi atagawana nzeru msanga.

Ndikudziwa zimene mabwana anene, akuti mukawasonkhanitsa aphunzitsi anzathu atibera abwinowo. Aaa bwana, aphunzitsiwo amadziwana kale, ali m'magulu a WhatsApp momwe amauzana kuti uko akulipira zingati, ndipo munthu sachoka chifukwa waonerera phunziro la mnzake, amachoka chifukwa malipiro a Okutobala walandira pa 20 Novembala. Komanso satifiketi za MSCE sizitha, mwana wa sukulu inayo akakhoza sikuti walanda ya mwana wanu. Kholo likaona kuti masukulu a pulayiveti a dera lino ana akulephera silisankha kuti iyi ndi iti, limangoti onsewa ndi a bizinesi.

Ndiye pempho langa kwa a ISAMA ndi loti atithandize kugawa masukulu oyandikana m'timagulu ta atatu kapena anayi, oti munthu nkuyenda wapansi kapena kukwera kabaza, tizikumana kamodzi pa mwezi mosinthana malo, a masamu paokha a zilankhulo paokha, ahedi nawo paokha. Malipoti a akulu ochonga mayeso amene a MANEB amatulutsa aja tiziwerengera limodzi mmalo moti azingodyedwa ndi chiswe mu kabati ya ahedi, mayeso a moko tizikonzera ndi kuchongera limodzi kuti wachinyamata amene wangoyamba aone mmene mamalikisi amaperekedwera. Ndipo ngati a PEA kapena a kilasita ya boma ali ndi maphunziro pafupi, kuwapempha kuti nafenso tikhaleko si kulakwa, ana ndi a Malawi omwewa, silabasi ndi imodzi yochokera ku MIE ku Domasi.

Chimodzi chokha, nthawi yake ikhale mkati mwa sabata, kaya Lachisanu masana ana akaweruka, ndipo ilembedwe pa taimutebulo ngati ntchito. Musatiikire Loweruka kapena Lamulungu, ena timapita ku tchalitchi, ena ndi tsiku lokhalo lochapa ndi kusaka ya ndiwo. Ya kabaza ndi choko chogwiritsa ntchito tsikulo sukulu itulutse, sizingafike olo fizi ya mwana mmodzi pa teremu.

Ndine mphunzitsi wa sayansi,
Area 25, Lilongwe