Zikomo chifukwa cha tsiku langa la ku Zanzibar

Okondedwa a Manijala ndi onse ogwira ntchito mu ofesi yanu ya ku Lilongwe,

Landirani moni kuchokera kuno ku Nkhotakota. Ndinafika bwino pakhomo, ndipo mapazi omwe anatupa ndi ulendo uja aphwa tsopano. Papita masabata atatu chibwerere, koma mtima sunandilole kukhala chete ndisanakulembereni. Ndine mayi uja munandikonzera ulendo wa pa sitima yaikulu yapamadzi yonyamuka ku Durban, umene mwana wanga wokhala kumeneko anandilipirira ngati mphatso yopumira ntchito ya uphunzitsi. Tinaima m'madoko angapo ndipo monse munakonza bwino, koma kalata ino ndi ya tsiku limodzi lokha, tsiku la pa chilumba cha Zanzibar.

Ndiyambe ndi mtsikana wa pa tebulo loyandikana ndi khomo, yemwe anandilandira nditabwera kudzasaina mapepala. Pa pepala la Zanzibar panali zosankha ziwiri: kukasambira ku mchenga woyera wa ku Nungwi, kumpoto kwa chilumbacho, kapena kukwera boti kukaona akamba akuluakulu pa kachilumba ka Changuu. Ndinali pafupi kuloza akambawo, poti mchenga ndi madzi kwathu kuno sizisowa. Mtsikanayo asanalembe anandifunsa kuti, “Amayi, kodi kwanu ndi kuti?” Nditayankha kuti ku Nkhotakota, ndipo ndimapemphera ku Anglican, anaika cholembera pansi n'kundifunsa ngati ndikudziwa za tchalitchi cha ku Mkunazini. Ndinkachidziwa, koma cha m'buku. Zaka zonse zomwe ndinaphunzitsa ana za malonda a akapolo, ndinkajambula mzere pa bolodi kuchokera ku Nkhotakota, kuoloka nyanja, kukafika ku Kilwa, kenako Zanzibar. Sizinandibwerere m'mutu kuti sitima ija ikandiimika pomwe choko changa chinkathera. Mwanayo anaimba mafoni, nasintha dongosolo lonse, nandipezera munthu wondiperekeza woyenda mosathamanga chifukwa cha mawondo angawa, ndipo nthawi yobwerera ku sitima anailemba ndi zilembo zikuluzikulu pa kakhadi koti ndiike m'chikwama. Mumuuze kuti kakhadiko ndikadali nako.

Tinafika kukucha. Sitima yathu inaponya nangula kunja kwa doko, ndipo ankatitengera kumtunda pa timaboti, monga momwe Ilala imachitira ikaima pano pa Nkhotakota. Anzanga ena a paulendo ankachita mantha potsika makwerero, ine ayi, poti zimenezo ndinakula nazo. Chachilendo chinali fungo la madzi amchere ndi kutentha kwa chinyontho komwe kumamata zovala pathupi dzuwa lisanakwere n'komwe. Patsogolo pathu panali nyumba zoyera zothithikana, nsanja za mizikiti ndi matchalitchi, ndi zombo za matanga zikubwera kuchokera kokapha nsomba.

Wondiperekeza ndinamupeza pa chipata cha doko atanyamula pepala la dzina langa. Anali bambo wachisilamu wa msinkhu wa ana anga, wovala kofia yopetedwa bwino. Atamva komwe ndachokera anamwetulira n'kunena kuti ndiye kuti ndine Mnyasa, dzina lomwe anthu a kumeneko amaitanira anthu a kunyanja kwathu kuno. Tsiku lonse ankanditchula kuti Mama, ndipo pamene chingerezi chatithera tinkapeza mawu ena ofanana m'Chiswahili ndi m'Chichewa.

Mzinda wakale, womwe eni ake amati Mji Mkongwe ndipo alendo amati Stone Town, ndi wa tinjira topanikiza toti galimoto silingalowe. Nyumba zake ndi za miyala ya m'nyanja yomangidwa ndi laimu, zitseko zake zamatabwa olemera, zosemedwa maluwa, zina zokhomedwa zitsulo zamkuwa zosongoka. UNESCO inaika mzindawu pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 2000. Tinadutsa pa linga lakale lomwe Aluya a ku Oman anamanga atathamangitsa Apwitikizi, ndi pa nyumba yaikulu ya House of Wonders yomwe Sultan Barghash anamanga mu 1883, yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi. Mbali ina ya nyumbayi inagwa mu December 2020, kotero tinangoionera kunja. Izi tinazidutsa msanga. Chomwe chinandiimitsa ndi azibambo awiri atakhala pa khonde lasimenti akusewera bawo, manja akuthamanga m'maenje ngati mmene achitira amuna a kwathu pansi pa mango. Posakhalitsa kunamveka kuitana kwa mapemphero kuchokera ku mzikiti, ndipo ndikanatsinzina ndikanati ndili pa msika wa Nkhotakota. Apa m'pamene ndinayamba kuona kuti kufanana kumeneku sikunangochitika. Kunayenda ndi mapazi a anthu, pa njira yomwe ija ndinkajambula pa bolodi.

Ku Mkunazini tinafika cha m'ma 10 koloko. Apa ndipempha kuti mundilole ndifotokoze mofatsa, chifukwa mpomwe pali kuthokoza kwanga konse.

Tchalitchi cha Christ Church chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu June 1873, Sultan Barghash atakakamizidwa ndi boma la Britain kusaina pangano. David Livingstone anali atamwalira mwezi umodzi m'mbuyomo kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, osamva kuti msika womwe anaudandaula kwa zaka zambiri watsekedwa. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho mwala wa maziko a tchalitchi unaikidwa, ndipo ntchito yomanga anaitsogolera Edward Steere, yemwe anadzakhala bishopu. Iyeyu anamwalira mu 1882 ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. Wondiperekeza anandionetsa pansi, patsogolo pa guwa, malo ozungulira a mwala woyera wozingidwa ndi wofiira, n'kunena kuti anthu amati pamenepo ndi pomwe panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula, kuti wogula aone yemwe ali wopirira.

Ndinagwada pamenepo. Sindinakonzekere kugwada, ndipo kudzuka kunali kovuta, koma bamboyo anangoima chapatali osandifulumiza. Ndinakulira pafupi ndi mkuyu wa pa mishoni kuno, pomwe amati Livingstone anakumana ndi Jumbe, mfumu yachiswahili yogulitsa akapolo, kumupempha kuti aleke malonda a anthu. Ndimadziwa gombe lomwe zombo za Jumbe zinkanyamukira kupita tsidya la kum'mawa, anthu atapanikizana m'katimo. Akaoloka ankayenda pansi miyezi, magoli m'khosi, ena atasenza minyanga ya njovu, mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankathera m'njira. Livingstone analemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja yathu lokha ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya Zanzibar chaka chilichonse. Nambala imeneyi ndinailembetsa ana m'makope kambirimbiri. Koma nditagwada paja ndinkaganiza za mayi mmodzi yekha, wa ku Chia kapena ku Malomo, wolankhula chilankhulo changa chomwechi, ataimitsidwa pamalo pomwe panali mawondo anga, akuyang'ana nkhope imodzi yoti aidziwe, osaipeza.

M'tchalitchimo muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo womwe pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone. Dera limenelo ndi la Ilala, komwe sitima yathu ya pa nyanja inatenga dzina. Ndinamuuza zimenezi wondiperekeza ndipo anazilemba m'kabuku kake kuti azikauzako alendo ena. Iyenso anandikumbutsa za Susi ndi Chuma, omwe anatsogolera anzawo kunyamula thupi la Livingstone mpaka ku Bagamoyo, tsidya lina la madzi omwe tinali kuwaona. Ndinakondwa kuti mayina a anthu akudawa anawatchula yekha ndisanafunse.

Pali chinanso chomwe ndiyenera kuyamikira pa munthu amene munandipezerayu. Pafupi ndi tchalitchi pali tizipinda tapansi, tamdima, totsika denga, tomwe alendo amauzidwa kuti munkasungidwa akapolo podikira kugulitsidwa. Iye asanandilowetse anandiuza poyera kuti akatswiri a mbiri amasiyana maganizo pa tizipindato, popeza nyumba yomwe ili pamwamba pake inamangidwa msika utatsekedwa kale. Akanatha kungondisiya ndilire n'kulandira ndalama yake. Monga mphunzitsi, ndinamulemekeza kwambiri chifukwa cha zimenezi. Nkhanza zomwe zinachitika pamalopo n'zokwana pazokha, sizifuna kuwonjezera.

Panja pali dzenje momwe muli ziboliboli zisanu za anthu, amuna ndi akazi, atamangidwa unyolo m'khosi. Anazipanga ndi mayi wa ku Sweden, Clara Sörnäs, mu 1998. Kuti uzione umayang'ana pansi, ndipo nkhope zawo sizikulira, zangotopa. Ndinaona alendo ena akujambulitsa pamenepo akuseka, ndipo zinandipweteka, ngakhale ndikudziwa kuti kwa iwo ndi nkhani ya anthu akutali.

Titakhala pamthunzi kuti ndipume, tinacheza za momwe mpingo wanga unayendera. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anayamba kwathu, ku Magomero, mu 1861 ndi Bishopu Mackenzie, yemwe anamwalira chaka chotsatira. Zinthu zitavuta, Bishopu Tozer anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, ndipo unali wochokera kumeneko ulendo wobwerera ku nyanja yathu, mpaka kukhazikika pa Likoma mu 1885. Pa sukulu ya Kiungani, kunja pang'ono kwa mzindawo, ankaphunzitsa ana omasulidwa ku ukapolo, ndipo ena mwa iwo anadzakhala aphunzitsi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja yathu. Leonard Kamungu wa ku Chia, yemwe koleji ya ansembe ku Zomba imatchedwa dzina lake, anaphunziranso komweko. Ndiye kuti njira yomwe inatenga anthu athu ndi yomwenso inabweretsa sukulu yomwe ine ndinaphunzira kuwerenga. Zimenezi zimandilemera mumtima mbali zonse ziwiri, ndipo sindifuna kuti mbali imodzi iphimbe inzake. Ndinamukumbutsanso bamboyo kuti kutsekedwa kwa msika mu 1873 sikunathetse mavuto kwathu. Zombo zinapitiriza kuoloka, ndipo kumpoto Mlozi, wogulitsa akapolo wina, anagonjetsedwa ku Karonga mu 1895, patatha zaka 22. Pa Zanzibar pomwepo lamulo lothetsa ukapolo linadza mu 1897.

Masana ananditengera pa kanyumba kodyera komwe amadya eni mzinda. Ndinadya mpunga wa pilau ndi nsomba yophikidwa ndi mkaka wa kokonati, ndikumwera madzi a nzimbe ofinyiramo ndimu ndi jinja. Mpungawo unkanunkhira karafuu, timaluwa touma tija tonunkhiritsa chakudya. Anandifotokozera kuti minda ya karafuu inakula kwambiri Seyyid Said, Sultan wa ku Oman, atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar cha m'ma 1840, ndipo ambiri olima m'mindamo anali akapolo. Choncho si onse ochokera kwathu omwe anapitirira kutsidya la nyanja yaikulu. Ena anatsala pomwepo, nabereka, ndipo zidzukulu zawo zili m'tinjira tomwe ndinadutsamo. Kuchokera pamenepo ndinkayang'ana nkhope za amayi a pa msika wa Darajani mwa mtundu wina. Ndinagula karafuu, sinamoni ndi nsalu ziwiri za kanga, ndipo mayi wondigulitsa anandiwonjezera kapaketi ka tsabola atamva kuti ndine Mnyasa.

Bamboyo anandifikitsa pa doko kutatsala ola lathunthu, monga mtsikana wanu anamulangizira, ndipo sanachoke mpaka ataona kuti ndakhala pansi m'boti. Madzulo sitima ikunyamuka ndinaima panja kuyang'ana nsanja ya tchalitchi ija mpaka inabisika. Mwana wanga, yemwe tinali naye pa ulendowu koma tsikulo anapita kukasambira ndi anzake, anandipeza pamenepo n'kundifunsa chomwe ndaona. Tinakhala mpaka usiku ndikumufotokozera, ndipo ananena kuti tsiku lina adzapitako ndi ana ake.

A Manijala, ndili ndi pempho limodzi. Amalawi ena akabwera kudzakonzetsa ulendo wodutsa pa Zanzibar, Mkunazini muziika pa pepala lija pamodzi ndi mchenga ndi akamba, ndipo antchito anu azifunsa funso lomwe mtsikana uja anandifunsa. Ofuna kusambira akasambire ndithu, palibe cholakwa, koma munthu wa ku Nkhotakota, ku Salima, ku Mangochi kapena ku Karonga asaime pachilumbacho tsiku lathunthu osadziwa kuti tchalitchicho chili pamtunda wongoyenda pansi kuchokera pa doko.

Lamlungu lapitali, titatuluka m'mapemphero, ndinakhala ndi amayi anzanga a Mothers' Union pansi pa mkuyu uja n'kuwaonetsa zithunzi, ndipo aliyense ndinamugawira karafuu wodzaza m'dzanja. Kanga imodzi ndi paketi imodzi ndasungira mtsikana wanu. Mphwanga akubwera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi uno, adzasiya pa ofesi yanu, chonde mudzaonetsetse kuti zamufika m'manja.

Mulungu akudalitseni nonse pa ntchito yanu.

Ine kasitomala wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Nkhotakota